Hiace ya nyumba yochokera ku Japan: injini ilibe mlandu, koma nyumbayo yandionetsa zakuda

Anthu akhala akundiimitsa pa Nchalo ndi pa Ngabu kufunsa za galimoto ya nyumba imene ndimayendera ija, ena akuti akufuna aitanitse yawo, nde ndati ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ndi Toyota Hiace yakale ija ya dizilo, injini ija amati 5L, koma kampani ina ku Japan konko inaikweza denga nkuikamo bedi, kasinki, kafiliji, kastovu ka gasi ndi kachimbudzi. Inadzera pa Dar es Salaam nkulowera pa Songwe ngati ma ex-Japan ena onse. Ine ntchito yanga ndi yogula chitowe ndi nandolo m'misika, nde maganizo anali oti ndisamalipirenso resthouse, pomwe kwandidera ndi pomwe ndigone. Nyenyezi ndikuipatsa 3 pa 5, ndipo zitatuzo ndi za kunsi konse, injini, giya, matayala. Kumwamba kuli nyumbako sindiperekako ngakhale theka.

Kunsiko ndilibe nako chifukwa. Ndi minibasi basi, yomweyi yadzadza pa M1, nde makaniko aliyense wa pansi pa mtengo pa Dyeratu kaya pa Bangula amaidziwa ngakhale atatsinzina. Fanibelti, mabuleki, mafyuluta, mabushi, ukasowa kuno umangoimbira munthu ku Blantyre madzulo zafika pa minibasi. Chimene muyenera kudziwa ndi choti nyumbayo ndi katundu amene satsika. Matabwa, thanki ya madzi, mabatire awiri, denga lalitali lolimbana ndi mphepo, zonsezo galimoto imasenza tsiku ndi tsiku musanaikemo thumba ndi limodzi lomwe. Nde mukafika pa Thabwa nkuyamba kukwera zitunda zopita ku Blantyre, kuchoka kuno kuchigwa kumene tili pa mamita 100 kapena kucheperapo kukafika pafupifupi 1,000, diso lizikhala pa geji. Injini ya Hiace ili pansi pa mpando, ikayamba kutentha matako ndi amene amayamba kudziwa geji isanasunthe kkkk. Yanga inasiya kuwira titatsukitsa rediyeta, munali matope ndi zinyalala za nzimbe zokwana kubzalamo therere. Potsika musadalire buleki, ikani giya yachiwiri mutsike ngati nkhalamba, apo bii mufika pa Kamuzu Bridge mukununkha mabuleki.

Tsopano nyumbayo. Vuto lake lalikulu ndi loti palibe munthu mmodzi amene angaikonze. Ukapita kwa makaniko amati bwana izi ndi za pulambala, pulambala amati izi ndi za wamagetsi, wamagetsi akatsegula kabokosi nkuona mawaya olembedwa Chijapanizi amangoti iii madala, tiyesa. Mawu oti tiyesa amenewo ndi amene andidyera ndalama kuposa dizilo.

Tiyambe ndi magetsi chifukwa apa mpamene ambiri mudzalire. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi 100V, kuno a ESCOM ndi 230V. Galimoto ili ndi kachibowo kunja kolumikizira magetsi a m'nyumba kuti batire lachiwiri lija lizitchajika mukaima. Alamu anga, munthu wodzipereka ndithu, anaona chingwe chili ndi pulagi ya mano awiri yosalowa mu soketi yathu, nde anaidula bwinobwino nkuikapo ya mano atatu, kundithandiza kumeneko. Sipanathe mphindi, kanangomveka thu, kautsi koyera kutuluka pansi pa bedi, chaja yapsa. Iwo nkumati mlamu mwina inabwera yofa kale. Ngati mwagula yanu, musanalumikize kalikonse gulani kathiransifoma kotsitsa magetsi, kapena chotsanitu zonse za 100V muike sola padenga ndi inveta ya kuno. Ine ndinachita zachiwirizo ndipo ndi chinthu chokhacho m'nyumbamo chimene sichinandivutitseponso, dzuwa ndiye kuno sitipempha. Wailesi nayo imathera pa 90 FM, pomwe masiteshoni ambiri kuno ali kumtunda kwake mpaka 108, nde mufunika kaja amati expander kothandiza kuti iwagwire. Komanso muli mayi wina wa Chijapanizi amene amalankhula ndikangoliza injini, ana anamupatsa dzina loti aunt.

Filiji ndi imene yandipweteka mtima kwambiri poti ndi imene ndinkaifunitsitsa. Ndi zija zopanda kompuresa, zoyendera gasi kapena 12V kapena magetsi a m'nyumba, zimaziziritsa potenthetsa ammonia m'timapaipi kumbuyo. Ku Japan mwina imagwira bho. Koma kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, nde kutentha kwa kumbuyo kwake kulibe kothawira, madzi umawatulutsa ofunda ngati ukufuna kusambitsa khanda. Imafunanso galimoto iime mowongoka ndendende, ikapendama pang'ono basi yanyanyala, nde tangoganizani ine pa msika wa Tengani ndikusaka miyala yoika pansi pa tayala anthu akundiyang'ana. Ukaiika pa 12V injini itazima imamwa batire lonse usanagone tulo tachiwiri. Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wokonza mafoni, osati wa mafiliji ayi. Anatsegula kazenera ka kunja kali kumbuyo kwa filiji, nkutulutsamo chisa cha mavu chouma chachikulu bwino, kenako anamangirira timafani tiwiri ta kompyuta yakufa ndi mawaya a kopa kuti tizikankhira mpweya wotentha kunja. Pano usiku imayesetsa, m'mawa Fanta imapezeka yozizirirako. Masana musavutike, gulani ayisi.

Madzi nawo. Kathanki kali ndi kapampu ka 12V kotumiza madzi ku sinki. Mijigo yambiri kuno madzi ake ndi a mchere, aliyense wa ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa, nde mcherewo umauma m'kapampu ndi m'kampopi mpaka madzi kumangotuluka modontheza kapampu kakulira ngati kakufa. Ndimakamasula nkukaviika mu viniga usiku wonse, kamadzukanso. Paipi ina inathetheka ndi dzuwa nkumadonthera mkati mwa kabati osaonekera, ndinadziwira nyerere zimene zinasamukiramo ndi mazira omwe.

Denga lokweza lija ndi la fibre, pamwamba pali kazenera kotulutsira mpweya. Zomatira zake za ku Japan zinauma nkusweka ndi dzuwa lathuli, mvula yoyamba kungogwa madzi ndi awo, osati pena paliponse koma pa pilo penipeni. Woyamba anamata ndi silikoni wa ku bafa, sanachedwe kusupuka, ndipo choipa cha silikoni nchoti akakhalapo china chilichonse chimakana kugwira mpaka upale yense. Wachiwiri anabwera ndi phula lotentha m'chitini cha penti akuti bwana apa ndiye mpaka Yesu adzabwere. Linagwiradi mvula yonse, koma kutangotentha linayamba kusungunuka nkumatsetserekera pa galasi lakutsogolo, mizere yakuda imene mumaiona ija ndi imeneyo, si dizaini. Chofunika ndi chomatira cha polyurethane chija amamatira magalasi a galimoto, chimapirira dzuwa ndi kugwedezeka. Chodula, koma mumata kamodzi. Ndipo muzikumbukira kuti galimoto ndi yaitali, mitengo ya mango ndi masawu imene minibasi imadutsa pansi pake bwinobwino inuyo ikuvulani kazenerako.

Makabati ndi a timatabwa topepuka tomangira misewu yosalala. Pitani nayo ku East Bank, msewu wa Thabwa kulowera ku Masenjere ndi Fatima, makamaka mmene unaonongekera ndi anamondwe aja, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mukamafika masikuluwu onse ali pansi, zitseko zikuombera m'manja, mapoto ali pa bedi. Kalipentala wina wa pa Ngabu, ntchito yake yeniyeni ndi yokhoma mabokosi a maliro, ndi amene anazilimbitsa ndi mabawuti ndi guluu. Anagwira ntchito yaukhondo zedi, kungoti poyeza bedi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi mwa chizolowezi, sindinamve bwino.

Pali kaswitchi kena pafupi ndi bedi kamene palibe ankadziwa ntchito yake. Mayi akunyumba anakadina usiku wina tili ku campsite ya ku Majete akuyesa ndi fani. Kumeneko ndi kuyatsa hita ya dizilo, yomwa mu thanki ya galimoto momwemo, anaiikira anthu ogona m'chipale chofewa ku Hokkaido, kumpoto kwa Japan. Mu Novembala, ku Chikwawa. Tinatuluka tonse ndi zitenje kukaima panja, mantha a afisi kuiwalika. Ndipo poti zinthu ndi zokhota, hita imeneyo ndi chida chokhacho cha ku Japan chimene chikugwirabe ntchito ngati chatsopano. Pano ndinaphunzira kuloza kamera ya foni pa zolembazo kuti Google Translate indiuze ndisanadine.

Za chimbudzi ndinena mwachidule. Ndi kathanki kosolola, kamafuna mankhwala a buluu amene kuno sapezeka, ndipo ndi kutentha kwathuku tsiku limodzi ndi lambiri. Ndinakatsuka nkukatseka, mumakhala jeke ndi sikelo.

Komabe ndisaname, kugona ndimagona bwino. Mazenera ali ndi maneti, udzudzu wa ku Elephant Marsh umangoimbira kunja, katundu wanga ndimagona naye pompo osaopa akuba, m'mawa tiyi ndimaphika ndekha ndisanatsegule sikelo. Ndalama ya resthouse ndinasiyadi kulipira, kungoti inasamukira kwa amisiri.

China chimene sakuuzani ogulitsa ndi anthu. Pa siteji iliyonse amakuimitsa akuyesa minibasi, ena amakwiya kuti ukudutsa wopanda anthu. Ana amathamangira akukuwa azungu azungu, akaona ndine amabwerera okhumudwa. Kumudzi kukagwa matenda usiku amagogoda kwanu poti muli bedi, ndipo zimenezo sukana. Apongozi anga anafika ponena kuti alendo akabwera pa chinkhoswe azigona mmenemo.

Amene mukuifuna, onani kaye ngati muli ndi wamagetsi woleza mtima amene amayeza asanadule waya, ndipo musankhe yokhala ndi filiji ya kompuresa. Yangayi pano kastepe kolowera kayamba kukana kubwerera mkati, ndikuyenda nditakamanga ndi linya. Pali bambo wina wa maminibasi pa Bangula amene amati akandiona amagogoda bodi nkunena kuti achimwene injini iyi ikungoonongeka, tigwetse nyumbayi tiikemo mipando. Mtengo wake sindinaukane, ndangomuuza kuti adikire chitowe chithe.