Geji ya EGT, boost ndi madzi pa galimoto ya turbo: ndi yogula, koma iikidwe bwino

Singano ya kutentha imene imabwera ndi galimoto siinena zoona msanga. Pa Hilux D-4D, Hiace kapena Prado ya injini ya 1KZ-TE imangokhala pakati, phee, mpaka madzi atatsala pang'ono kuwira, ndipo za moto umene uli m'masilinda siidziwako kanthu. Kwa anthu okwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, kapena onyamula matumba a kachewere ku Tsangano ndi ku Bembeke, vuto limeneli si laling'ono. N'chifukwa chake kageji ka manambala ka 52mm, kopanda dzina lodziwika, kamene kamapezeka m'mashopu a sipeya, n'koyenera kukaunika. Kamaonetsa zinthu zitatu: kutentha kwa utsi komwe amakanika amati EGT, mphamvu ya mpweya wa turbo yotchedwa boost, ndi kutentha kwa madzi.

M'bokosi mumakhala geji ndi kapu yake, sensa ya utsi ya mtundu wotchedwa K-type yokhala ndi waya wokutidwa ndi chitsulo choluka, sensa ya madzi, sensa ya boost, kapaipi ka 4mm ndi ka T kapulasitiki kolumikizira mapaipi atatu. Geji yeniyeniyo ilibe mlandu. Manambala amaoneka bwino ngakhale masana, ndipo ili ndi alamu yoti mutchere nokha. Tizinthu tina timeneti ndiye n'tachabechabe. Ka T kamauma ndi kutentha n'kusweka, choncho gulani kachitsulo tsiku lomwelo.

Phindu lalikulu la geji iyi lili pa EGT. Injini ya dizilo ikapatsidwa mafuta ambiri mpweya uli wochepa, utsi umatentha kwambiri m'masekondi ochepa, madzi asanamve n'komwe. Zimenezi zimachitika dalaivala akaumirira giya 4 pachitunda, phazi lili pansi, injini ikulira motsika. Ku Dedza kuno zimanyanya, chifukwa boma lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mpweya wake ndi wopepuka, turbo imagwira ntchito yoposa ya ku Salima kuti ipereke mpweya womwewo. Onjezani eya kilina yodzaza fumbi kapena ma injector otopa, ndiye mwapeza chimene chimang'amba silinda hedi ndi kusungunula pisitoni galimoto isanawire. Ndi geji, mumaona manambala akukwera, mumabweza giya kupita pa 3, injini imazungulira mwachangu, mpweya umachuluka, manambala n'kuyamba kutsika.

Koma zonsezi zimadalira malo amene sensa yaikidwa. Malo ake enieni ndi pa manifodi ya ekizozi, utsi usanalowe mu turbo, pamene njira za masilinda zimakumana. Amakanika ambiri amakonda kuboola paipi ya kuseri kwa turbo poti n'kosavuta. Pamenepo utsi umakhala utazizirako ndi madigiri 100 mpaka 200, ndipo kusiyanako sikukhala kumodzi, kumakula injini ikamakoka kwambiri, nthawi yomwe mukufuna zoona. Sensa ikakhala patsogolo pa turbo, alamu itcheredwe pa 700°C ndipo musamakhalitse pamwamba pa pamenepo. Ngati yaikidwa kale kumbuyo, tsitsani alamu ifike cha m'ma 550°C. Mwini galimoto ayenera kudziwa pamene sensa yake ili, apo ayi manambalawo alibe tanthauzo.

Kuboola manifodi ndi pamene ntchito imaonongekera. Njira yabwino ndi kumasula manifodi, kuboolera pabenchi, kuitsuka, n'kuibwezera ndi gasiketi yatsopano. Zimatenga nthawi, ndipo masitadi akale amatha kuthyoka, koma tiziduswa ta chitsulo sitilowa mu turbo. Ngati makanika akuboolera pagalimoto pomwepo, ayambe ndi kadirilo ka 3mm, apake girizi kuti agwire tiziduswa, azipukuta pafupipafupi, akuze bowo mpaka 8.7mm, kenako adule mazinga a mtundu wa 1/8 NPT ogwirizana ndi a sensayo. Chodulira mazingacho chimapita chikukula, ndiye asachilowetse chonse, bowo lingakule mopyola ndipo utsi uzitulukira m'mbali. Akatha alowetsemo kamaginito kangapo. Nsonga ya sensa ifike pakati pa njira ya utsi osakhudza khoma la mbali inayo. Mukaona munthu akutenga dirilo yaikulu kamodzin'kamodzi wopanda girizi, muuzeni kuti, "Bwana, taimani kaye," ndipo musachite naye manyazi. Turbo ndi yodula kuposa geji kutalitali.

Waya wa sensa ya utsi usadulidwe kapena kulumikizidwa ndi waya wamba wa kopa. Waya wa K-type ndi wa zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo malo alionse amene mwalumikiza kopa amasokoneza chiwerengero. Akatalika mupinde n'kumanga, akafupika gulani woonjezera wa K-type yemweyo. Mukasemphanitsa mawaya awiriwo, geji imatsika injini ikamatentha.

Za boost n'zachidule. Dulani kapaipi kochokera ku manifodi ya mpweya kupita ku sensa ya MAP, imene imauza kompyuta ya injini mphamvu ya mpweya wolowa, ikani ka T, mangani mbali zonse zitatu. Pakangodontha mpweya, kompyuta ya injini imawerenga zolakwika ndipo galimoto imafooka. Injini zambiri zimenezi zosasinthidwa zimakankha mpweya pafupifupi 1 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya). Mageji ena amaonetsa pafupifupi -0.2 bar injini ili chizimire kuno kumapiri, chifukwa anawatchera mpweya wa kugombe la nyanja yamchere. Si kuti afa. Ngati yanu ili ndi batani lobwezera pa ziro, dinani kiyi ali pa ON injini isanalire.

Gawo la madzi ndi limene sitikhutira nalo. Choyamba, adaputa yolowa pa paipi ya pamwamba ya redieta siibwera m'bokosi, muyenera kuyeza kukula kwa mkati mwa paipi yanu, kaya ndi 34, 36 kapena 38mm, n'kugula yoyenera. Sensa ikakhala ya waya mmodzi, adaputayo imafuna waya wa ethi, chifukwa yakhala pakati pa mphira. Ena amafuna kulowetsa sensayo pa injini penipeni, osadziwa kuti mabowo ambiri a injini za ku Japan ndi a mazinga a mtundu wina wotchedwa BSPT pamene sensa ndi ya NPT. Imalowa kawiri katatu n'kuuma, ukakakamiza umang'amba aluminiyamu. Chachiwiri, chimene chili choopsa, paipi ikaphulika madzi n'kutha, sensa imatsala mumpweya ndipo geji imatha kutsika injini ikupsa. Geji iyi ilibe alamu ya kuchepa kwa madzi. Amene ali ndi 1KZ-TE, yomwe hedi yake siipirira kuwira, agule alamu imeneyo payokha.

Magetsi atengedwe pa waya woyaka ndi kiyi kudzera pa fyuzi ya 3A, ethi imangidwe pachitsulo chopalidwa penti, ndipo mawaya onse adutse pa mphira wa khoma la injini, osati pabowo losongoka kapena pakati pa chitseko. Geji ndi ya 12V, pa Canter kapena Dyna ya 24V imapsa nthawi yomweyo popanda chotsitsa magetsi. Musaiike pamene airbag imatulukira.

Kwa amene amangoyenda pa M1 kuchoka ku Ntcheu kupita ku Lilongwe wopanda katundu, ndipo galimoto yake ili ndi soketi ya OBD2 yolumikizira ku kompyuta ya injini, kachipangizo ka ELM327 kolowetsa pa soketiyo ndi foni zingamukwanire poona madzi ndi boost. Kwa onyamula katundu m'zitunda, geji iyi ndi yogula chifukwa cha EGT yokhayo, bola sensa ikhale patsogolo pa turbo. Imathandizanso pozimitsa: mukafika pa Masasa mutakwera chitunda chonse cha Khwekhwelere, siyani injini ilire pang'onopang'ono mpaka EGT itsike pansi pa 200°C, kuti oilo asapserere m'mabering'i a turbo.