Kashopu ka fotokope kuseri kwa msika wa Mzuzu

Kuseri kwa msika waukulu wa Mzuzu kuli kashopu ka makompyuta ndi fotokope komwe ndikufuna makolo anzanga akadziwe. N'kakang'ono: makompyuta anayi, benchi imodzi, ndi pulinta yakalekale.

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 2 ndipo kuwerenga kumamuvuta kuyambira ali wamng'ono. Zilembo zimamusokonekera, b amaiwerenga ngati d, ndipo akauzidwa kuti awerenge mokweza thukuta limatuluka ngakhale mu June. Ku kalabu ya atsikana kusukulu kwawo anamupatsa ntchito yokakamba za mtsogoleri wamkazi wa dziko lakunja, n'kumugwera Erna Solberg wa ku Norway. Loweruka m'mawa tinanyamuka ku Chibavi kukugwa mvula yamawawa, mwana nkhope ili khuma.

Mnyamata wapashopupo sanatithamangitse. Ataona kuti mwana akutsatira mzere ndi chala pa sikirini, anakulitsa zilembo, n'kutalikitsa mizere popanda ine kumupempha. "Amayi, musadandaule za nthawi, awerenge pang'onopang'ono," anatero. Mawu ovuta ankawerenga iye, mwana n'kumabwereza.

Apo m'pamene tinadziwa kuti mayiyu anabadwira ku Bergen mu 1961, analowa nyumba ya malamulo ya kwawo, Storting, mu 1989, ndipo mu 2004 anakhala mtsogoleri wa chipani cha Høyre. Ali nduna yoona za maboma aang'ono, kuyambira 2001 mpaka 2005, anthu anamupatsa dzina loti Jern-Erna, kutanthauza Erna wachitsulo, chifukwa cha kuuma kwake pa nkhani ya othawa kwawo. Zimenezo ine sizinandikomere, poganizira anthu a ku Dzaleka. Anakhala nduna yaikulu kuyambira 2013 mpaka 2021, mayi wachiwiri pampandowo pambuyo pa Gro Harlem Brundtland, ndipo mu 2014 anafika kuno ku Malawi pa nkhani ya maphunziro a atsikana.

Koma mzere umene unatiimitsa ndi wina. Ali ndi zaka 16, anamupeza ndi dyslexia, vuto losokoneza zilembo powerenga ndi polemba. Mnyamata uja anawerenga mzerewo kawiri. Mwana wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. "Amayi, ndiye kuti ngati ine?" Ndinangogwedeza mutu, pakhosi panali patatseka. Zaka zonsezi anzake akhala akumunena kuti mbuli, ndipo ine ndemwe sindinkadziwa kuti vutoli lili ndi dzina.

Mnyamata uja anatisindikiziranso za chindapusa cha makrona 20,000, ndalama za ku Norway, chimene apolisi analipiritsa Erna mu 2021 chifukwa chophwanya malamulo a Covid pa chikondwerero cha zaka 60 zakubadwa. Anati mwana akanene zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndinagwirizana naye.

Zolakwika zilipo. Pulintayo imasiya kamzere kakuda m'mphepete mwa pepala lililonse, ndipo magetsi atathima tinadikira pafupifupi theka la ola chifukwa alibe jenereta. Benchi nayo njothina, anthu atatu basi yadzaza. Koma nthawi yodikirayo sanatiwerengere, ndipo masamba awiri amene anatuluka ofufutika anatibwerezera ulere.

Tinatuluka ndi masamba asanu a zilembo zikuluzikulu, atawakulunga mu jumbo kuti asanyowe. Lachitatu mwana anakayankhula pamaso pa anzake mpaka kumaliza. Tsamba la dyslexia lija analimata pakhoma, pamwamba pa bedi lake.