Makina othira asidi pa dziwe la nsomba za koi: makina ndi abwino, wogulitsa ndiye waphetsa nsomba

Nyenyezi zitatu. Ziwiri zachoka chifukwa cha wogulitsa wa ku Lusaka ndi mnyamata amene anamutumiza kudzamanga. Makinawo amathira asidi m'dziwe kuti atsitse pH, muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi (asidi akachuluka, pH imatsika). Ndi aja a kabokosi kapakhoma, probe imodzi (kachipangizo koyeza pH m'madzi) ndi kapampu kofinya paipi kotulutsa malita 1.5 pa ola. Pa mtengo wake onjezani ya basi kuti afike kuno ku Chipata. Ali pa dziwe la simenti la malita 12,000, madzi a pa mjigo, KH 7 (KH ndi muyezo wa bicarbonate, mchere wa m'madzi woletsa pH kugwa), pH yomwe imafika 8.6 masana dzuwa la Okutobala likaswa mtengo.

Mnyamatayo anamiza paipi m'chigubu cha asidi wa hydrochloric wa 32 peresenti, yemwe uja wa m'madziwe osambira, osasungunula n'komwe. Anaika mlingo wa pH pa 7.0, nati tiiwaleko za pH. Kabokosi anakalumikiza ku inverter ya mabatire poti pulagi yake ndiyo inali pafupi, pomwe pampu yaikulu yoyendetsa madzi ili ku magetsi wamba. Probe anaiika m'chipinda choyamba cha fyuluta, asidi n'kumalowera kutali, m'paipi yobwezera madzi m'dziwe.

Magetsi atazima usiku madzi anaima, koma kabokosi sikanazime. Probe inali m'madzi oima, ikuwerengabe 8.2, ndiye makina ankangoona ngati asidi sakukwanira, n'kumathirabe. Asidi yense anaunjikana m'paipi. M'bandakucha magetsi atayaka, pampu inakankha asidiyo nthawi imodzi. M'chigubu munali mutachoka malita awiri ndi theka. Werengani nokha: mamililita pafupifupi 350 a asidi ameneyu amadya KH imodzi pa malita 10,000, kutanthauza 420 pa dziwe ili. KH inatsika kuchoka pa 7 kufika pa 1, pH n'kugwera pa 5.7. Nsomba zinali pamwamba kukamwa yasa, khungu litachita mamina oyera, zipsepse zitafiira mizere ya magazi, zina zikudzigudubuza pakhoma. Ziwiri zazikulu, zimene zimakonda kukhala pamene madzi amagwera, sizinaone dzuwa likutuluka.

Pa foni wogulitsa anati vuto ndi madzi a ku Chipata. Madzi a ku Chipata ndiwo analumikiza waya? Kuseri kwa kabokosi kuli malo olumikizapo flow switch, kachipangizo koimitsa asidi madzi akasiya kuyenda, ndipo mnyamatayo anangotsekapo ndi kawaya kuti makina ayake. Flow switchyo munalibe m'katoni. Mu menyu mulinso loko wa nthawi, woti pampu ikathira mphindi zakutizakuti pH osasintha izime ndi kulira, anausiya wozimitsa. Madzi osinthira probe kuti iziwerenga molondola anabweretsa a pH 7.0 okha. Munthu wogulitsa zinthu zothira asidi pamene pali zamoyo sayenera kukhala wosadziwa zimenezi, ndipo mpaka lero sanapepese.

Nsomba zotsala zinapulumuka ndi mpweya wambiri, kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, ndi soda yemwe uja timathira m'delele. Magalamu 30 pa malita 1,000 amakweza KH ndi imodzi. Musathire wambiri nthawi imodzi, ndipo yezani kaye ammonia, yemwe amachokera ku zoipa za nsomba. Asidi akagunda fyuluta tizilombo todya ammonia timafooka, ammonia n'kukwera. pH ikakhala pansi ammoniayo sapweteka kwenikweni, koma mukaikweza mwachangu amasanduka poizoni: madzi akakhala pa madigiri 25, gawo lakupha silifika 2 peresenti pa pH 7.5, koma pa 8.5 limafika 15 peresenti. Chakudya muleke kupereka mpaka ammonia abwerere pa ziro.

Koma tinene chilungamo, makina paokha alibe mlandu. Atamangidwanso bwino akugwira ntchito yosiririka. Manambala ake amagwirizana ndi zoyezera zamadontho, kapampu sikadontha, ndipo sikakoka asidi kakazima. Kabokosi tsopano kali pa waya umodzi ndi pampu yaikulu, ndiye chikazima chimodzi zazima zonse. Asidi amasungunulidwa, gawo limodzi pa magawo 9 a madzi. Madzi ayambe kulowa m'chigubu, asidi pambuyo, mutavala magalasi ndi magolovesi, panja pomwe pali mphepo. M'chigubu musamakhale osakaniza opitirira malita anayi, kuti ngakhale onse atathiridwa mwangozi adye KH imodzi yokha. Loko ali pa mphindi 10. Asidi amalowa pamene madzi akuthamanga akachoka mu fyuluta, osati asanalowe.

Chimene wogulitsa sanena n'chakuti makinawa amaona pH yokha, KH saiona. Asidi akalowa amaphwanya bicarbonate kukhala mpweya wa carbon dioxide, pH n'kutsika. Mathithi ndi miyala ya mpweya zimauluza mpweyawo, pH n'kukweranso, makina n'kuthiranso. Ulendo uliwonse KH ikuchepa. Pa dziwe lokhala ndi mpweya wokwanira, 7.0 simungaikhazike pokhapokha KH itatsala pang'ono kutheratu, ndipo apo m'pamene pH imagwa mwadzidzidzi. Fyuluta nayo ikudya KH tsiku ndi tsiku. Mvula ya Disembala ikayamba, madzi ake alibe KH, amangosungunula yotsalayo. Ndiye ngakhale magetsi akanapanda kuzima, mlingo wa 7.0 uja ukanaziphabe nsombazo pang'onopang'ono.

Mlingo woyenera pa madzi ngati awa ndi 8.0, makina azingodula nsonga ya masana. Koi zimakhala bwino paliponse pakati pa 7.0 ndi 8.5 bola pH isamadumphedumphe. KH iyezedwe sabata iliyonse ndipo isatsike pansi pa 5. Ikayandikira pamenepo, zimitsani asidi musinthe madzi. Yezaninso pH m'mawa kwambiri ndi cha m'ma 3 koloko masana. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, vuto ndi ndere zomwe zikumwa carbon dioxide dzuwa likawala, ndipo mankhwala ake ndi mthunzi ndi nyale ya UV yopha ndere, osati asidi. Ngati dziwe ndi la simenti yatsopano yosapaka, laimu wotuluka m'khoma adzakweza pH mpaka mutalipaka. Amene pH yawo imakhala pa 8.2 osasuntha, ndalama zanu gulirani fyuluta yaikulu.

Probe imafuna kutsukidwa ndi kansalu kofewa sabata iliyonse chifukwa ndere zimamera pagalasi n'kuichedwetsa kuwerenga. Mwezi uliwonse isinthidwe ndi madzi a 7.0 ndi a 10.0, poti pH ya dziwe imakhala pamwamba pa 7.0, ndipo isaume ngakhale tsiku limodzi. Ikakwana chaka kapena chaka ndi theka yembekezani kugula ina. Kapaipi kofinyidwa m'pampu kamauma ndi asidi ndi kutentha, ndiye itanitsiranitu kena kapadera. Pogula, tsegulani katoni pamaso pa wogulitsa muone ngati flow switch ilimo, ndipo womanga asachoke asanazimitse pampu yaikulu inu mukuona kuti asidi waimadi.