Subwoofer iyi imagunda bwino, koma siidziwa kukhala chete

Nyenyezi zitatu pa zisanu.

Ndinaigula pa shopu ina ku Kamuzu Road, kuno ku Salima, ndipo ndakhala nayo miyezi iwiri. Ndi ya 2.1, bokosi lalikulu ndi timasipika tiwiri. Imalandira Bluetooth, fulashi ndi chingwe cha TV, komanso imayaka ndi batire ya sola, chinthu chofunika kwathu ku Senga Bay. Pa nyimbo ndilibe nayo mlandu, besi yake mpaka mbale zimanjenjemera m'kabati.

Koma ine ndinaigulira mafilimu oopsa, ndipo pamenepo ndi pomwe yandikhumudwitsa.

Usiku woyamba ine ndi mayi a kunyumba tinaika Hush, filimu ya 2016 ya Mike Flanagan. Kate Siegel akusewera ngati Maddie, mayi wolemba mabuku, wosamva komanso wosalankhula, yemwe amakhala yekha m'nyumba ya kunkhalango. Pali malo ena pomwe mnzake woyandikana naye nyumba akumenya chitseko cha galasi, kukuwa kuti amupulumutse, chigawenga chili m'mbuyo mwake. Maddie ali m'khitchini pompo, akukonza mbale, sakudziwa kanthu. Ife tikuona zonse, iye ayi. Mantha a mafilimu otere amachokera pamenepo: woonera wadziwa ngozi mwini wake asanadziwe, ndipo alibe njira yomuchenjezera. Mayi a kunyumba anachita kudzuka pampando, amvekere, "Tembenuka mwana iwe!"

Kenako opanga filimu amachita chinthu chanzeru. Nthawi zina amachotsa phokoso kuti tilowe m'makutu a Maddie. Pamafunika bata lenileni, la zii, loti uzimva mtima wako ukugunda, chifukwa ukatero umazindikira kuti munthu akhoza kuima pambuyo pa mayiyu osamumva. Sipika yangayi pamenepo imangolira tsiii, ngati wailesi yosowa siteshoni. Tsemwe lonse limathera pompo. Ukatsitsa voliyumu kuti kuliraku kuthe, timawu ting'onoting'ono timasowanso: phazi pa thabwa, mpweya, chitseko chikutseguka pang'onopang'ono. Chonsecho ndi timeneti timene timamanga munthu m'mimba, osati kuphulika.

Chilungamo chake, kumapeto yandikondweretsa. Maddie ali ndi alamu ya utsi yolira mokweza kwambiri kuti azimva kunjenjemera kwake, ndipo amaigwiritsa ntchito kusokoneza chigawengacho. Apo bokosi lija linagunda mpaka galu wathu anauwa panja.

Ndinabwerera nayo ku shopu. Achimwene ogulitsawo anandilandira bwino, anasintha chingwe osandilipiritsa, ndipo kulira kuja kunachepako pang'ono koma sikunathe. Pa Bluetooth ndiye kumanyanya, komanso mawu amachedwa, milomo imayamba kuyenda mawu n'kubwera pambuyo.

Ngati mukufuna ya chinkhoswe kapena yoonera mpira, tengani. Koma ngati muli ngati ine, popita kukagula nyamulani fulashi yanu, muwapemphe azimitse nyimbo za m'shopumo, muike malo a filimu opanda phokoso, mukweze voliyumu, khutu pa sipika.