MOF kapena COF: iti imatulutsa bwino haidrojeni m'madzi?

MOF (metal-organic framework) ndi COF (covalent organic framework) zonse ziwiri ndi ufa wopangidwa m'labotale, wodzaza timabowo tosaoneka ndi maso. Ufawo umathiridwa m'madzi, ndipo kuwala kukauomba haidrojeni imatuluka. Zimasiyana pa chomwe chagwira chimango chake.

MOF imagwiridwa ndi chitsulo. Tengani MOF yotchedwa UiO-66, ya ku yunivesite ya Oslo ku Norway, ya mu 2008: zirconium chloride ndi terephthalic acid zimaphikidwa mu DMF (mankhwala amadzimadzi osungunulira) pa 120°C kwa maola 24. Imapirira madzi ndi asidi, koma payokha imangomva kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake ambiri amaikamo aminoterephthalic acid m'malo mwa terephthalic acid. Ufawo umasanduka wachikasu n'kuyamba kuyamwa kuwala kooneka. Ngakhale zili choncho, zirconium, chitsulo cha m'chimangocho, salandira mosavuta maelekitironi ofunika potulutsa haidrojeni, ndiye haidrojeni imatuluka yochepa. Mchere wa phosphate kapena madzi a pH yokwera (okhala ngati a soda) amagumula chimangocho.

COF ilibe chitsulo, ndipo imayamwa kuwala kooneka kochuluka. Gulu la wasayansi Bettina Lotsch linasonyeza mu 2014 kuti COF yotchedwa TFPT-COF imatulutsa haidrojeni. Vuto ndi kuipanga: masiku atatu m'chubu chomata pa 120°C, ndipo acetic acid akachuluka kapena kuperewera mumapeza ufa wopanda dongosolo, timabowo titatsekeka. Ma COF okhala ndi boron, monga COF-5, musataye nawo nthawi, madzi amawawononga.

Pa dzuwa, COF ndiyo yabwinoko. Komabe m'mayeso ambiri MOF ndi COF zonse zimafuna chitsulo cha platinamu pang'ono chofulumizitsa ntchitoyo, komanso triethanolamine kapena ascorbic acid wopereka maelekitironi. Mankhwalawa akatha haidrojeni imaleka, ndipo okosijeni, yemwe akanatuluka madzi akadagawika kwathunthu, satuluka n'komwe.