Mfutso, filiza kapena mchere: zosunga ndiwo kuno ku Joni

Kuno ku Johannesburg nyengo ndiyo imakusankhirani njira yosungira ndiwo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula sigwa kwenikweni, mpweya umauma mpaka milomo kung'ambika, ndipo nthawi imeneyi mfutso ulibe mnzake. Mukapeza masamba otchipa, kaya ku msika wa City Deep kaya kwa amayi a ku Yeoville, aviikeni m'madzi owira othira mchere mphindi ziwiri kapena zitatu, muwayale patalipatali pa thumba loyera. Pakapita masiku ochepa auma gwaa, ukawafinya akuchita kufumbutuka. Kumudzi timamanga chikwatu ndi masamba a msuku. Kuno botolo la mayonezi lotsuka ndi kuumitsa bwino likukwanira. Silidya mayunitsi, silisamala zoti magetsi azima.

Vuto lake ndi malo oyanikira. Pakhonde la fulati ku Hillbrow mumalimbana ndi nkhunda komanso fumbi, choncho phimbani ndi neti yakale ya udzudzu. Mvula ikayamba mu Okutobala musavutike, mabingu a madzulo aja amangochititsa masamba chuku.

Filiza ndi ya nyama ndi nkhuku, pamenepo palibe mtsutso. Izizire mpaka madigiri -18, ndipo ikhale yodzaza: yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 magetsi atazima bola osatsegula, pomwe yatheka imalekera pa maola 24. Anthu anaphunzira zimenezi mokakamizika mu 2023, Eskom, kampani ya magetsi kuno, ikuzimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Koma nkhwani ndi bonongwe ine sindiziikamo. Zimatuluka zapyapyala, zamadzi okhaokha, ndipo zotendera sizikoma ngati za mfutso. Nanga ngati filizayo mukugawana anthu asanu panyumba ya lendi, chidutswa cha nkhuku chimamera miyendo.

Njira ya mchere ndi viniga tione kwa eni dziko. Biltong yawo ndi nyama yolenga mizere, yothira viniga, mchere ndi koliyanda, n'kuipachika pamalo opita mphepo. Imakoma, koma nyama imachepa pafupifupi theka la kulemera kwake ikauma, n'chifukwa chake mtengo wake umawawa. Ndi yodyera macheza, si ndiwo ya banja.

Usipa ndi utaka wobwera pa basi umafuna njira ziwiri pamodzi. Uyambe wagona m'filiza masiku angapo kuti tizilombo tife, kenako muuyanikenso padzuwa musanatsekere m'botolo. Mukausiya mu jumbo momwe unabweramo, umachita thukuta n'kuyamba kuwawa.