The Witcher 3 pa kompyuta yakale: ndemanga nditafika kumapeto

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu. Gemu yake ndi The Witcher 3: Wild Hunt, yomwe anapanga a CD Projekt Red a ku Warsaw, m'dziko la Poland, ndipo inatuluka mu May 2015. Ndi yakale ndithu, koma ukale wakewo ndi umene ukutikomera ife amene makompyuta athu tinagula ogwirapo kale ntchito m'mashopu a ku Fordsburg ndi m'tauni muno mu Joni. Yanga ili ndi RAM ya 8GB ndi khadi la zithunzi la GTX 1050 Ti, ndipo ikuyenda bwinobwino ndikaika zithunzi pa mlingo wapakatikati. Chiyambire pamene anaikonzanso mu December 2022, poyatsa mumasankha pakati pa DirectX 11 ndi DirectX 12. Wa kompyuta yofooka asankhe 11, apo ayi aziona chithunzi chikudodomadodoma mumzinda wa Novigrad momwe muli chinamtindi cha anthu.

Ndinagula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, pomwe mitengo imalembedwa m'ma rand. Dikirani nthawi yotsitsa mitengo ya mu June, yomwe iwo amaitcha Summer Sale pamene ife kuno ku Joni tikufunda mabulangete awiri, kapena ya mu December. Tengani Complete Edition chifukwa imabwera ndi nkhani ziwiri zowonjezera. Kukula kwake ndi pafupifupi 50GB, choncho musayerekeze kuitsitsa ndi bandulo ya pa foni. Ine ndinaisiya usiku pa WiFi ya nyumba yomwe timachita lendi ku Rosettenville, anzanga onse atagona. Ikalowa basi, kusewera sikufunanso intaneti.

Inu mumakhala Geralt wa ku Rivia, mlenje amene ntchito yake ndi kupha zilombo molipidwa. Amayenda ndi malupanga awiri kumsana, lachitsulo la anthu ndi lasiliva la zilombo, pa hatchi yake yotchedwa Roach. Akufunafuna Ciri, mtsikana amene anamulera ngati mwana wake, yemwe akuthamangitsidwa ndi gulu la apakavalo oopsa lotchedwa Wild Hunt, m'dziko lomwe nkhondo yasakaza midzi. Chinandigwira msanga ndi momwe anthu amamuonera Geralt. Akadutsa pamudzi amamunyogodola, ena kulavula, kumutcha wopotoka, koma chilombo chikatenga mwana kudambo ndi omwewo amakhoma chikalata pa bolodi kumuitana, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo ntchito itatha. Amene anagwirapo ntchito m'dziko la eni sangafune womumasulira pamenepa.

Koma chomwe chandipangitsa kuti ndilembe ndi nkhani ya Bloody Baron. Amene safuna kudziwiratu adumphe ndime zitatu zikubwerazi.

Ku Velen, dera la madambo ndi njala, kuli mkulu wina dzina lake Phillip Strenger, yemwe anthu amamutcha Bloody Baron, msilikali wakale amene anadziika yekha kukhala mwini dera, chidakwa chachikulu mimba, choseka mokweza. Anamusungapo Ciri ali wovulala ndipo anamusamala bwino. Akuuza Geralt kuti anena komwe mtsikanayo analowera pokhapokha amupezere mkazi wake Anna ndi mwana wake Tamara, omwe akuti anangosowa. Mukukwera m'chipinda cham'mwamba kukafufuza. Pansi pali madontho a vinyo, choikapo makandulo chathyoka, ndipo mukasuntha chithunzi chapakhoma mupeza bowo lomwe wina anafuna kubisa. Palibe akukuuzani kanthu, mukungoona nokha kuti m'nyumba muno munali ndewu. Pang'onopang'ono zikudziwika kuti bamboyu ankamenya mkazi wake kwa zaka, kuti mayiyo ndi mwana anachita kuthawa, ndiponso kuti usiku umenewo mayiyo anapita padera. Baron anakakwirira kamwanako yekha mobisa, kopanda dzina, ndiye kasanduka chinthu choopsa chomwe mugemumo amati botchling.

Apa mumasankha, kukapha kapena kukapumitsa. Ndili pamenepa alamu anga anali kumbuyo kwanga akusita, maso ali pa sikirini. Ndinawafotokozera zomwe zikuchitika, iwo n'kuika simbi pansi. Anati, "Alamu, musakaphe. Nthayo sitaya mwamuna, komanso satayira paliponse. Bamboyo analakwa kawiri." Kwathu nthayo amakaika ndi amayi akuluakulu okha, mwakachetechete, ndiye iwo anaimva nkhaniyi msanga kuposa ine. Ndinawamvera. Baron anakanyamula kanthu konyansako m'manja, usiku, akunjenjemera, mizukwa ikutizungulira, Geralt akukatonthoza ndi matsenga ake otchedwa Axii kakayamba kulusa. Atafika pakhomo la nyumba yake anakapatsa dzina lakuti Dea, anapepesa akulira, n'kukakwirira pansi pa khomo pomwepo. Mzimu wa mwanayo ndi umene pambuyo pake umakutsogolerani njira yomwe amayi ake anathawira.

Chimene ndikuyamikira n'chakuti olemba sanamuyeretse bamboyu. Akukufotokozerani mbali yake, kuti anakhalitsa kunkhondo, anayamba mowa, atabwerera anapeza mkazi ali ndi wina ndipo anamupha mwamunayo. Mukumva chisoni, inde. Kenako mukukamupeza Tamara mumzinda wa Oxenfurt, iye n'kukuuzani poyera kuti bambo akewo sakufuna kuwaonanso, ndipo mukuona kuti mwanayu akunena zoona. Zonse ziwiri gemu ikukusiyirani m'manja. Ambirife kuno tinasiya akazi ndi ana ku Mangochi, ku Mzimba, ku Dedza, timatha zaka tikungotumiza ndalama ndi mawu a pa WhatsApp, ndipo tikudziwa amuna amene anabwerera kumudzi ndi mkwiyo m'malo mwa chikondi. Sindinayembekezere kuti gemu ya malupanga ingandikhazike chete chonchi.

Zosankha zake sizibweza yankho pompopompo. Pali mzimu wina wotsekeredwa pansi pa mtengo womwe umalonjeza kupulumutsa ana amasiye kwa mfiti zitatu za m'dambo la Crookback Bog. Muumasule kapena muuphe, mbali iliyonse pali wolira, ndipo mumadziwa patapita nthawi yaitali, pamene kubwerera m'mbuyo kuli kotaya ntchito yambiri. Mapeto a Ciri alipo atatu akuluakulu, ndipo satengera luso lanu pa nkhondo. Amatengera tizinthu tating'ono ta ubambo, monga kusewera naye pamene wakhumudwa, kumuperekeza kumanda a mnzake, kapena kumulola kuti akalankhule yekha pamaso pa akuluakulu inu osamulowerera.

Kumenyana kwake n'kwabwino koma si kumene kungakugulitseni gemuyi. Mumazemba, kutema, kudziteteza ndi matsenga a Quen, kuotcha ndi a Igni, kupaka mafuta oyenera pa lupanga malinga ndi chilombo. Muli ka masewera ka makadi kotchedwa Gwent komwe kamadya nthawi kuposa momwe mungaganizire. Nyimbo za ku zilumba za Skellige ndi zokoma kwambiri.

Theka la nyenyezi ndachotsa pa zifukwa izi. Choyamba ndi Chingerezi chake. Anthu a m'midzi amalankhula mopotoza, modula mawu, moti ngakhale amene anakhoza MSCE bwino ayenera kuyatsa mawu olembedwa pansi, ndipo poti kukoma konse kuli m'zokambirana, amene Chingerezi chimamuvuta ataya zambiri. Chachiwiri, iyi ndi ya azaka 18 kupita m'mwamba, ndipo sananame. Muli kutukwana, kudula mitu, ndi zamaliseche zomwe zimangotulukira mosachenjeza. Kwa ife okhala chipinda chimodzi ndi ana, kapena nyumba yogawana ndi mabanja ena, zikutanthauza mahedifoni ndi kudikira kuti ana agone. Zina ndi zing'onozing'ono. Roach amakodwa pa mipanda ndi pa milatho, thumba la katundu limadzaza msanga mpaka Geralt kulephera kuthamanga, ndipo zizindikiro za mafunso za pa mapu zomwe zili mbwee m'nyanja ya Skellige n'zotopetsa, zambiri ndi mabokosi a katundu wamba. Zisiyeni, simutaya nkhani.

Za magetsi aliyense akudziwa momwe zimakhalira kuno. Gemu imadzisungira yokha pamalo ena, koma zolowerani kusunga nokha podina F5 musanalowe m'phanga kapena musanayambe kukambirana kwakutali, chifukwa pakati pa nkhondo siilola kusunga. Ngati magetsi anu ndi a mayunitsi, dziwaninso kuti kompyuta ya khadi la zithunzi imadya kuposa laputopu, ndiye gwirizanani ndi anzanu a m'nyumba zisanafike pokangana.

Nkhani yaikulu yokha imatenga maola pafupifupi 50, ndipo mukamalowa m'tinkhani tam'mbali, tomwe tambiri talembedwa mosamala ngati yaikuluyo, adutsa 100. Sizodabwitsa kuti inapata mphoto ya gemu yopambana ya chaka cha 2015 ku The Game Awards, ndipo pofika 2023 inali itagulidwa makope oposa 50 miliyoni. Amene amakonda FIFA kapena magemu owomberana a mphindi khumi, ndipo amadumpha zokambirana, asataye ndalama yake. Amene anakula akumvera nthano ndipo ali ndi mtima wodekha, agule.

Oyamba kumene asankhe mlingo wa Story and Sword, asathamangire kuchoka ku White Orchard, dera loyamba la gemuyi, asanamalize ntchito za pa bolodi ndi kupeza malo amphamvu omwe amawonjezera luso. Nkhani ziwiri zowonjezera zija, Hearts of Stone, ya mu October 2015, ndi Blood and Wine, ya mu May 2016, zonse zimafuna Geralt wopitirira level 30, choncho zisungeni mpaka nkhani ya Ciri itayandikira kutha, ndipo Blood and Wine ikhale yomalizira.